Buku la a Yakubu

"Buku limenelo ndaliwerenga kasanu ndi kawiri," anatero a Ezekiele, "ndipo ulendo uliwonse ndimapezamo chatsopano."

Ankalankhula pakhonde la golosale ya malemu a Yakubu pa Lisungwi, chipewa chili pabondo, botolo la zakumwa lomwe anagula ola lapitalo likadali theka. Omvetsera anali awiri: Jimu telala, yemwe makina ake ankakhala pakhonde pomwepo ndiye sakanatha kuthawa, ndi Sosten wakabaza, yemwe ankadikira okwera.

A Ezekiele anali kalaliki wopuma. Atasiya ntchito anadzipatsa ina yomwe palibe anawapempha: kuuza anthu zoti awerenge, aonere ndi kumvera. Lachisanu lililonse ankatumiza mndandanda pa gulu la pa foni la anthu a pa Lisungwi. Kanema uyu ngwabwino koma ali ndi mfuti zambiri. Chimbale ichi muyambire nyimbo yachitatu. Anthu ena ankawathokoza, ena ankangofufuta. Koma pamwamba pa mndandandawo sipankasintha: buku lachikuto chobiriwira, lonena za mayi wina wosoka zovala.

"Kasanu ndi kawiri?" anafunsa Jimu, ulusi uli kukamwa. "Ine Baibulo lomwe sindinalitsirize."

"Ndi kusiyana kwa mitu, mphwanga. Wina amasoka, wina amaganiza."

Mkati mwa golosale, Farida, mwana wa malemuwo, anasiya kuyeza shuga. Anayang'ana amayi ake, a Hawa, omwe anakhala pampasa pafupi ndi chitseko akusankha nyemba ndi zala, poti maso anali atayamba kuchita chifunga. A Hawa nawo anali atasiya kusankha.

"Farida, akunena lobiriwira lija?"

"Lomwelo, amayi."

Bukulo linali la a Yakubu. Zaka zitatu zapitazo, masana aliwonse malonda akazizira, ankawerengera akazi awo mutu umodzi, poti a Hawa sukulu sanapiteko. Atatsala ndi mitu itatu, a Ezekiele analiona pakauntala nalipempha kwa masiku awiri. A Yakubu, munthu wosadziwa kukana, anapereka. Sabata yomweyo anadwala, ndipo mwezi usanathe anaikidwa. Farida anafunsapo za bukulo kawiri. Yankho linali lakuti likubwera. Tsopano a Hawa anali kusamuka. Loweruka mwana wawo wamwamuna ankabwera kudzawatenga kuti akakhale nawo ku Zomba, kufupi ndi madokotala a maso.

A Hawa anadzuka, nagwira mphuthu ya chitseko.

"A Ezekiele, muli bwanji?"

"Ndili bwino, mayi, kaya inu?"

"Tilipo. Ndamva kuti bukulo mumalidziwa ngati njira ya kumunda kwanu. Tandiuzani chinthu chimodzi. Kodi Felista uja anawapeza makina ake osokera aja anabedwa?"

A Ezekiele anakhosomola pang'ono, nakonza kolala.

"Mathero ake ndi ozama, mayi. Amakhudza umunthu wathu tonsefe. Mlembi akutifunsa kuti, kodi munthu ndi chiyani?"

"Ine ndafunsa za makina."

"Eya, makinawo. Anawapeza. Atavutika kwambiri, iye ndi mwamuna wake anagwirana manja, nawapeza."

"Mwamuna wake?" A Hawa anapendeketsa mutu. "Mwamuna wake anakokoloka ndi madzi pa mutu wachitatu. Ndinalira mpaka a Yakubu anatseka buku nandigulira fanta m'golosale yawo yomwe. Kapena anadzuka?"

Makina a Jimu anaima. Sosten anayamba kuyang'anitsitsa tcheni cha njinga yake ngati akuchiona koyamba.

"Mabuku ena amasindikizidwa kawiri," anatero a Ezekiele. "Zina zimasintha."

"Eti," anatero a Hawa. "Koma lomwe muli nalolo ndi lomwe ine ndinamva. Loweruka ndikupita, bambo. Basi, ndimangofuna kudziwa za makinawo."

Anabwerera pampasa pawo. A Ezekiele anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zawo zinali zisanamwe madzi. Ali chapatali anamva Jimu akuuza Sosten, osatsitsa mawu kwenikweni, kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Kunyumba anapeza akazi awo, a Stelia, akusenda chinangwa. Anawadutsa, nakaima kutsogolo kwa kabati yagalasi ya pabalaza. Bukulo linali pamalo pake, pakati pa makapu a alendo ndi chithunzi chawo atavala tayi. Linali buku lonenepa kuposa onse m'nyumbamo, ndipo alendo ankaliona asanakhale pansi. A Ezekiele anali atawerenga mawu a kuchikuto chakumbuyo, omwe anali okoma kwambiri, ndi masamba anayi oyamba, omwe anali ndi zilembo zing'onozing'ono. Ankafunadi kuliwerenga. Koma atangolitamanda koyamba pa gulu lija, anthu anawayamikira kwambiri moti kuliwerenga kunaoneka ngati kubwerera m'mbuyo.

"Mwaima ngati mwaona njoka," anatero a Stelia ali pakhomo.

Anawafotokozera, mochotsera zina. A Stelia anamvetsera, mpeni uli m'manja.

"Ine ndimalipukuta fumbi Loweruka lililonse," anatero. "Ngati pali munthu wolidziwa bukulo m'nyumba muno, ndine."

"Ndikhoza kuliwerenga lero ndi mawa. Ndikawauze mathero, nkhani ithe."

"Masamba mazana atatu? Inu amene mumagona pa chikalata cha mpingo?"

"Kapena ndimutume mwana akalisiye pakauntala."

A Stelia anaika mpeni m'beseni.

"Bambo, pa maliro a Yakubu munalipo. Munabwera kudzandiuza nokha kuti Asilamu ali ndi mwambo wabwino. Munati asanamuike munthu, shehe amaimirira nkufunsa ngati pali amene ali ndi kanthu ka malemu, kapena amene malemu anali ndi kanthu kake, anene, kuti munthu apite wopepuka. Munati mayi wogulitsa tomato anaimika dzanja chifukwa cha dengu. Dengu! Inu munali pati?"

"Buku si ngongole."

"Nanga mwaimiranji pamenepo?"

A Ezekiele anayang'ananso bukulo m'kabati. Tsiku lija anali pamzere wachiwiri. Funso la shehe analimva bwinobwino, ndipo dzanja lawo linayamba kukwera ndithu. Koma anaganiza kuti munthu wodziwika ndi mabuku sangaimirire pagulu kunena kuti buku lake lokondedwa ndi la wogulitsa sopo.

Lachisanu mndandanda sunatuluke. Anthu awiri anafunsa ngati foni ya a Ezekiele yabedwa.

Masana a tsikulo, dzuwa likuswa mtengo, a Ezekiele anatulukira pa golosale atavala jekete, buku lili m'khwapa. Pakhonde panali anthu ambiri kuposa masiku onse, poti amayi a mumsika ankabwera kudzatsanzikana ndi a Hawa. Jimu analipo. Sosten anali ndi wokwera, koma ataona jekete anamupempha kuti adikire kaye.

A Ezekiele anavula chipewa. Anali atakonza mawu panjira, okhala ndi chiyambi, thunthu ndi mathero, koma atafika anangotsala ndi thunthu.

"Mayi, buku ili ndi la a Yakubu. Ndinabwereka kwa masiku awiri. Pa maliro anafunsa, ine ndinakhala chete." Anatulutsa bukulo m'khwapa. "Ndipo sindinaliwerenge. Ndinalekeza pa tsamba lachinayi."

"Kasanu ndi kawiri konse?" anafunsa Jimu.

"Iwe soka," anatero Farida.

A Hawa analandira bukulo ndi manja awiri. Analisisita chikuto, nalinunkhiza, kenako zala zawo zinayenda m'mphepete mpaka zinapeza kapepala kokutira sopo komwe kanatulukira pang'ono. Anatsegula pomwepo.

"Apa ndi pomwe analekeza," anatero. "Mwalisunga bwino. Ngakhale kapepala simunakasunthe."

Amayi ena anaseka, koma a Hawa sanaseke.

"Buku mwabweza, anthu awa aona. Zikomo. Koma a Yakubu anandilonjeza mitu itatu, ndipo amene anaitenga ndinu. Farida ali ndi makasitomala, komanso amawerenga ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Inu mawu muli nawo. Pa Lisungwi ponse tikudziwa. Khalani apa."

Farida anatulutsa kreti yopanda mabotolo. A Ezekiele anaiyang'ana, nayang'ana jekete yawo, nakhala. Anavala magalasi.

"Koma ine sindikudziwa zomwe zachitika m'mbuyomu."

"Ndikuuzani ine," anatero a Hawa.

Ndipo anawauza: za Felista, za madzi aja, za mlamu wake wa mawu okoma amene anabwera kudzathandiza nachoka ndi makina pa ngolo, za ulendo wapansi wokawafuna. Mitu khumi ndi iwiri anaifotokoza osaphonya dzina ngakhale limodzi, patatha zaka zitatu. Sananenepo kuti bukulo ndi lozama. Anangoti pa mutu wachisanu ndi chinayi mlembi anatalikitsa nkhani ya ukwati, ndipo akanakhala iwo akanaidula.

A Ezekiele anayamba kuwerenga. Tsamba loyamba analiwerenga ndi mawu a pamsonkhano, akukweza maso kuona ngati anthu akuwaona. Pofika lachitatu anasiya kukweza maso. Wokwera wa Sosten anatsika panjinga nakhala pansi. Makina a Jimu anali chete, diresi la munthu lili pakati pa msoko.

Mutu woyamba utatha, Felista anali ataima pakhomo la nyumba ina yachilendo, akumva kulira kwa makina mkati. A Ezekiele anapukuta thukuta, chala chili kale pansi pa tsamba lotsatira.

"Ndiye mukuti bwanji, akatswiri?" anafunsa Jimu. "Tiliwerenge kapena ayi?"

"Sindikudziwa," anatero a Ezekiele osamuyang'ana. "Takhala chete, timve ngati ali akewo."

A Hawa anakankhira lichero la nyemba pambali, nasendera pafupi.