Tsiku Limene Komiti Inakweza Manja

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi. Pasukulu ina kufupi ndi Lifuwu ankaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo wophunzitsa Sitandade 8 anali mmodzi yekha, a Kenneth, munthu wosavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Ndiye kunabwera mayi wina wa bungwe la ku Lilongwe kudzaphunzitsa komiti ya makolo ndi aphunzitsi njira zoti ana azikhoza mayeso. Mai Dailes, mlimi wa mpunga, anali m'komitimo. Masiku atatu anamva zambiri: zoumba njerwa, zolondola ana ojomba, komanso zoti m'nyengo ya matipate nkhani imatha pokweza manja, osati pakamwa pa munthu mmodzi.

Tsiku lomaliza mlendoyo anafunsa, "Nanga atsikana akusiyiranji sukulu?"

"Asodzi a ku Senga Bay," anayankha a Kenneth mosaphethira n'komwe. "Akangowaonetsa kausipa, basi zatha."

Anthu anaseka, koma Mai Dailes zinawabaya mumtima. Mwana wawo Masiye, wa zaka khumi ndi zisanu, anali atatha miyezi itatu ali pakhomo ndi pathupi, ndipo mwini wake wa pathupipo ndi yemwe ankaseketsa anthuyo. Komiti yonse inkadziwa, koma aliyense anangosunga pakamwa.

Mai Dailes anaimirira.

"Pepani alendo, ine nditulutse zakukhosi. Wanga sanamuwononge msodzi ayi. Ndi aphunzitsi awa. Tilembe kalata kuboma achoke, kuti mwanayo akachira adzabwerere. M'kalasi mwawomo sangalowenso."

Kenaka a Abdulkarim, apampando, anakonza kukhosi.

"Wallahi, mayi, zatiwawa tonsefe. Koma mayeso atsala miyezi iwiri. Awawa akachoka, wina adzabwera liti? Ana makumi asanu ndi atatu afere mmodzi?"

Mlendo uja anasuzumira pawotchi yake, poti Lilongwe ndi kutali. "Chochita mwaphunzira kale," anatero. "Votani."

Ofuna kuti a Kenneth achoke, dzanja linakwera limodzi, lokakala ndi khasu. Ofuna kuti akhale, manja anakwera asanu ndi atatu. Mwa iwo munali la a Kenneth eniakewo, poti nawonso anali a komiti, manyazi atawasiya kunyumba. Munalinso la a Frank, mlongo wawo wa Mai Dailes, atsibweni ake a Masiye, amene mwana wawo anali pafupi kulemba mayesowo. Analikweza maso ali pansi, komabe analikweza.

Mlendo anayamikira kuti komiti yakhwima, anthu n'kuwomba m'manja.

Mai Dailes anayenda okha mpaka kunyumba. Anapeza Masiye pakhonde akubwereza masamu m'kope lake, kuti anzake asamusiye patali.

"Amayi, ati bwanji? Ndibwerera liti?"

Mai Dailes anamuyang'ana.

"Mpunga wayamba kucha, mwanawe. Mawa ulawire, ukaingitse mbalame."