Lonia ndi Galimoto ya Matayala Atatu

Antchito awiri atakoka lona n'kuligwetsa pansi, phokoso la anthu amene anasonkhana pafamu ya malemu a Terrance Mbewe ku Zemba linazilala. Pansi pa lonalo panali kagalimoto kobiriwira ngati masamba a mango, kotsika kolekeza m'chiuno. Kanali ndi matayala awiri kutsogolo, limodzi lokha kumbuyo. Kanalibe denga, kanalibenso zitseko. Injini yake inali pamtunda, kutsogolo kwenikweni, ikung'anima padzuwa, ndipo mapaipi awiri a utsi anatsata m'mbali mpaka kumchira.

"Tayala linalo anaba ndani?" anafunsa munthu wina, anthu n'kuseka.

"Kwanu mafuwa amakhala angati?" anayankha Osward Tembo, woitanira malonda wochokera ku Chipata. "Atatu. Mphika unagwapo? Musaione ngati ya makedzana galimoto iyi. Maonekedwe okha ndiwo akale, koma inapangidwa posachedwapa ku Mangalande, ndi manja a amisiri. Malemu anabwera nayo atapuma pantchito."

A Mbewe anakhala kunja zaka zambiri asanabwerere kwawo kudzalima. Atamwalira, ana awo anaganiza zogulitsa katundu yense pa okushoni: thirakitala, ng'ombe, ngolo, chigayo, mpaka mipando ya m'nyumba.

Chigayocho n'chimene chinabweretsa Filimoni Sakala ndi mkazi wake Lonia kuchokera ku Mlolo. Anali atagulitsa nshawa ndi soya, nawonjezera zimene anasunga zaka zingapo. Kwawoko amayi ankayenda mtunda wautali ndi matumba pamutu kukagayitsa, ndipo Filimoni anali atamanga kale kanyumba koikamo chigayo.

Koma Lonia sanayang'anenso kumene kunali chigayo. Anazungulira kagalimotoko pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo. Anawerama n'kusuzumira mapedulo. Kenako anagwira chiwongolero ndi nsonga za zala, nanunkhiza chikopa cha mipando.

"Mulamu, pukutani malovu," anatero Esinati, mchemwali wake wa Filimoni, amene anabwera kudzaona za mipando. "Mukuyang'ana ngati mwana pa sitolo ya mabisiketi."

"Taonani kupangidwa kwake," anatero Lonia. "Palibe chinthu chimene anangoikapo. Chilichonse chili ndi ntchito."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero Filimoni. "Thumba la chimanga mungaliike pati umu? Mvula ikagwa mufunda chiyani? Tiyeni, amake Comfort, tikaone chimene tabwerera."

Lonia ankadziwa magalimoto. Ali mtsikana ankayendetsa minibasi ya atsibweni ake pakati pa Chadiza ndi Chipata, mkazi yekhayo pamsewu umenewo masiku amenewo. Filimoni anamudziwira m'basimo, atakhala mpando wakutsogolo ndi thumba la feteleza pamiyendo. Atakwatirana Lonia anapitiriza, mpaka chaka chimene Filimoni anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Anthu anayamba kunong'ona kuti mkazi wa mkulu wa mpingo sayenera kumakangana ndi makondakitala pa siteshoni. Filimoni anamupempha kuti asiye, ndipo Lonia anasiya osatsutsa. Laisensi yokha ankaikonzetsabe ikatha, ngakhale mwamuna wake ankati n'kutaya ndalama. Zaka zoposa makumi awiri zinali zitadutsa.

Osward anawerama m'kagalimotomo n'kuliza injini. Inagunda ngati ng'oma ziwiri zikuyankhana, mawu akuya, omveka m'chifuwa. Nkhuku za pafamu zinabalalika. Ngakhale Filimoni, amene anali atayamba kale kuchoka, anaima n'kucheuka.

Malonda anayamba. Osward anatchula mtengo wotsika dala kuti anthu atenthe magazi. Wamalonda wina wa ku Katete anakweza dzanja. Agnesi, kalaliki wa Osward, anali ndi foni kukhutu, akulankhula ndi munthu wa ku Lusaka amene ankapikisana nawo ali kutali, ndipo naye anakweza dzanja. Anasinthana chonchi kangapo. Kenako Osward anaima n'kutchinga maso ndi chikhato.

"Amayi a duku yofiira uko, mwakweza dzanja kapena mukuingitsa ntchentche?"

"Ndakweza," anatero Lonia.

Anthu anatembenuka onse. Pakati pawo panali akulu a mpingo awiri a ku Mlolo.

"Amake Comfort, mukuchita chiyani?" ananong'ona Filimoni. "Ndi ndalama za chigayo zimenezo."

Wa ku Katete anakweza mtengo, Lonia anakwezanso. Wa ku Katete anapukusa mutu, naika manja m'thumba. Mtengo unali utafika pa ndalama zonse zimene Lonia ndi mwamuna wake anabwera nazo. Osward anayang'ana kwa Agnesi, koma Agnesi ankagwedeza foni m'mwamba.

"Netiweki yapita, abwana."

Mtsikanayo anathamangira pachulu chimene chinali kuseri kwa khola, nakwera ndi nsapato zake zazitali. Osward anayesa kuchedwetsa. Ananena nthabwala imodzi, nanena inanso, napukuta kanyundo kake ndi mpango. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti malonda sayenda choncho.

"Chabwino," anatero Osward. "Kwa amayi a duku yofiira, kamodzi."

Apa m'pamene Lonia anamva mantha. Anakumbukira kanyumba ka chigayo kopanda kanthu, ndi nshawa zimene anakumba ndi mwamuna wake mpaka misana kuuma. Komabe mbali ina ya mtima wake inkafuna kuti kanyundo kagwe.

"Kawiri."

"Abwana, abweranso," anafuula Agnesi ali pachulu, natchula mtengo umene unachititsa anthu kuimba mluzu. Unali wokwanira zigayo zambirimbiri. Osward anayang'ana Lonia. Lonia anapukusa mutu, kanyundo n'kugwa.

Lonia atacheuka, Filimoni panalibe. Anali atapita kukakhala pamuzu wa mtengo wa mbawa pafupi ndi geti, chipewa chili pabondo. Chigayo chitafika pamalonda sanabwere. Lonia anapikisana yekha ndi alimi ena awiri, nachigula, ndalama zina n'kutsalako. Atamaliza zolipira anamutsatira kumtengoko.

"Chigayo ndi chathu, atate ake Comfort."

Filimoni anayang'ana pansi. "Foni ija ikanapanda kubwerera, bwenzi tikukamba zotani pano?"

"Sindikudziwa. Dzanja linangokwera."

"Dzanja silikwera lokha."

"N'zoona," anatero Lonia, nakhala pansi pambali pake. "Ndinalikweza ndine. Ndinalakwa kuika thukuta lathu pangozi musanavomere, ndipo ndikupepesa. Koma kuti ndiname kuti sindinaifune, ayi."

"Pamaso pa anthu a mpingo. Mawa Mlolo yense akhala akunena kuti kwa Sakala tambala ndi thadzi."

"Zaka zonsezi ndinakupemphaniko chiyani? Munati siya basi, ndinasiya. Ndalima, ndalera, ndaphika pamaliro a mudzi wonse. Sindikudandaula. Koma basi ikamadutsa kumsewu, ine ndimamva dalaivala akasintha giya mochedwa, manja anga n'kumayabwa."

"Simunanenepo."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinachedwa kutsekula, lero ndachita kuchigwetsa."

Ali chikhalire, Osward anafika akupukuta thukuta. Anati lole yonyamula magalimoto inali kudikira ku Chipata, chifukwa dalaivala wake anakana kubwera pamsewu wa kufamu poopa timilatho take tating'ono. Iye mwini anali ndi galimoto yake yoti ayendetse, ndipo dalaivala amene anabwera naye anali munthu wathupi, anayesa kulowa m'kagalimotomo n'kukanirira m'chiuno.

"Amayi aja ogula mipando andiuza kuti inu munali dalaivala wodziwika pamsewu uno. Laisensi muli nayo? Mungatiyendetsere galimoto ija mpaka ku Chipata? Woigula uja wavomera, bola ifike yathunthu."

Lonia anayang'ana mwamuna wake. Sanapemphe, komanso sanabweze maso.

Filimoni anaimirira, nakung'untha fumbi pa buluku. "Mipando ilimo ingati?"

"Iwiri, abambo."

"Mkazi wanga sapita yekha ku Chipata."

Kulowamo kunali ntchito. Lonia anamanga chitenje bwinobwino, nadumpha mpaipi wa utsi, natsetsereka mpaka anakhala ngati ali m'bafa. Filimoni anatsatira, mawondo atafika pachifuwa, phewa lake litatsamira la mkazi wake. Agnesi anawapatsa magalasi otchinga fumbi amene malemu ankavala. Esinati anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Achimwene, mukuoneka ngati bololo. Mulamu, mundibwezere mlongo wanga wamoyo."

Lonia anaponda kilatchi, nalowetsa giya. Galimoto inadumpha kamodzi n'kuzima. Anthu anaseka. Iye anapuma, nalizanso injini, namvetsera, ndipo ulendo uno anachoka bwinobwino, kutuluka pageti fumbi lili m'mbuyo.

Msewu wafumbi unamuphunzitsa msanga. Dzenje loyamba analiika pakati monga ankachitira ndi basi, matayala akutsogolo n'kudutsa uku ndi uku. Lakumbuyo lija linagweramo lonse, awiriwo n'kudumpha pamipando.

"Mwaiwala kuyendetsa," anatero Filimoni, atagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse.

"Ayi, ndaiwala kuti ili ndi mchira."

Kuyambira pamenepo anayamba kuwerenga msewu mwatsopano, kufunira tayala lililonse kanjira kakekake. Ankazemba maenje mokhotakhota ngati munthu wodutsa m'munda wa thonje. Pa timilatho ankachepetsa liwiro mpaka kufanana ndi woyenda pansi. Galimotoyo inali yotsika kwambiri moti udzu wa m'mbali unkawakwapula m'zigongono, ndipo fungo la minda yotenthedwa linkalowa m'mphuno mwachindunji. Amayi ochokera kumjigo anatula zidebe. Apanjinga anatsika n'kuima m'mbali. Pagolosale ina abambo osewera nsolo anaimirira onse, mmodzi n'kuvula chipewa.

Atafika pamsewu wa tala, Lonia anayang'ana kutsogolo, naona kuti msewu ndi woyera. Anasintha giya, nasinthanso. Kulira kwa injini kunakwera, mphepo inawamenya kumaso, mitengo n'kuyamba kudutsa ngati ikuthawa. Chipewa cha Filimoni chinauluka.

"Ndiime?" anafuula Lonia.

"Chisiyeni."

Pang'ono ndi pang'ono Filimoni anamasula manja pachitsulo chija. Anasiya kuyang'ana msewu, nayamba kuyang'ana mkazi wake. Dzanja la Lonia linkapita pa giya n'kubwerera pachiwongolero mosafulumira, mosaphonya. Pokhota ankapendekeka pang'ono, galimoto n'kumutsatira ngati ikumva maganizo ake. Fumbi linali litamudetsa masaya, duku itapendama, ndipo ankamwetulira ndi mano onse. Filimoni anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anaona nkhope imeneyo kunyumba, koma sanalipeze.

Pachitunda china anapeza thiraki ya thonje ikukwawa. Lonia anadikira mpaka pamene ankaona bwino kutsogolo, naponda mafuta, naidutsa ngati yaima. Filimoni anangozindikira akuseka mokweza, akumenya bondo lake.

"Iyi ndi galimoto, amake Comfort. Amene anaipanga ankadziwa chimene akuchita."

"Nanga thumba la chimanga?"

"Chimanga chikwere ngolo."

Anafika ku Chipata dzuwa litapendeka. Lole inali pamalo othirira mafuta, ndipo anthu anaunjikana pomwepo, mafoni ali m'mwamba. Lonia anaikweza yekha palolepo, pang'onopang'ono, tayala lakumbuyo likuyenda pathabwa lapakati. Anazimitsa injini, nakhala kanthawi akumvetsera chitsulo chikuthetheka pozizira. Kenako anatuluka, napukuta chiwongolero ndi nsonga ya chitenje, napereka makiyi. Lole itanyamuka kulowera ku Lusaka, anaiyang'ana mpaka inakhota.

Pa siteshoni anakhala pabenchi kudikira basi ya ku Chadiza kuti idzaze. Filimoni anagula nthochi, nasenda imodzi n'kumupatsa.

"Msuweni wanga Trywell wagula minibasi yachiwiri, ndipo akufuna dalaivala," anatero Lonia. "Lolemba ndikukaonana naye."

"Nanga chigayo?"

"Chigayo ndi chanu. Ndinu munachilota. Comfort wamaliza sukulu, akuthandizani."

"Anthu adzanena."

"Anena kale lero, ndipo tikadali moyo."

Filimoni anatafuna nthochi yake nthawi yaitali. Kondakitala ankaitanira anthu, wina akukweza matumba a simenti padenga. Dalaivala analiza injini, nayesa giya, giyayo n'kukukuta, Lonia n'kutsinzina ngati wamva kuwawa. Filimoni anaona.

"Lamlungu lokha ayi," anatero.

"Lamlungu ayi," anavomera Lonia.

Anaimirira n'kukalowa m'basimo.