Tizitsulo ta Belarmino

Chipilala chinafika pa lole Lachiwiri m'mawa, chitakulungidwa m'masaka, ndipo anachitsitsa pabwalo la tawuni ya Poço do Umbu, moyang'anana ndi kashedi komwe Anacleto ankasokeramo nsapato. Chinali chaka cha 1975. Akuluakulu a tawuni anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti papita zaka makumi atatu chithereni nkhondo yaikulu, ndipo meya ankafuna malo oti aimepo n'kulankhula.

Anacleto sanadzuke kukachiona. Iyeyo nkhondoyo anaimenya, ku Italiya, ndipo anabwerako ndi zala zisanu ndi ziwiri zakumapazi komanso chifuwa chosatha. Anthu ankamudziwa ngati Seu Anacleto, kutanthauza Bambo Anacleto, mkulu wolusa wosoka nkhwaira zachikopa. Zoti anali msilikali ankazikumbukira pokhapokha akafuna kumuseka.

Masana kunabwera aphunzitsi a Gildásio, amene anasankha mawu olembedwa pamwalapo, nsapato yawo itaguluka chidendene.

"Seu Anacleto, ngwazi yathu! Osabwera kudzaona mwala wanu?"

"Ndilibe mwala ine. Wanga mudzandiikira ndikafa, ngati mudzakumbukire. Vulani nsapatoyo."

Aphunzitsi anavula, n'kutulutsa pepala m'thumba osapemphedwa. Anali munthu wa zaka makumi atatu, wodziwa nkhondo yonse kuchokera m'mabuku, ndipo ankaikonda kwambiri.

"Pamwamba taika malo amene nkhondo inatembenukira. Stalingrad. El Alamein. Midway. Normandy. Pansi pake, Monte Castello, phiri lanu lija. Kenako ana awiri a tawuni ino amene anafera kumeneko, Josafá ndi Ernani."

"Awiri?"

"Awiri."

"Nanga Belarmino, mlongo wake wa Dona Zulmira?"

Aphunzitsi anakanda kumutu. "Pepala la boma lochokera ku Rio likuti ameneyo anasowa. Silikuti anafa. Ndipo inunso mukudziwa zimene anthu amanena."

Anacleto ankazidziwa. Anthu ankati Belarmino anataya mfuti n'kuthawa ndi mkazi wachitaliyana, ndipo pano ananenepa, akugulitsa vinyo kuseri kwa mapiri. Nkhaniyi inayambira m'bala, pakamwa pa anthu amene sanaonepo ngakhale nyanja. Mwana akathawa kusukulu ankamunena kuti wachita za Belarmino. Anacleto anakhomera msomali m'chidendene chija mwamphamvu moti unatulukira mkati.

Iye ndi Belarmino anakulira limodzi, akuweta mbuzi m'minga. Ali anyamata, pa chikondwerero cha Yohane Woyera, anagwirana manja n'kulumpha moto katatu, monga amachitira anthu akafuna ubale wosankha okha, ndipo anasinthana timendulo ta oyera tomwe ankavala m'khosi. Kuyambira pamenepo ankaitanana kuti compadre.

Atalembedwa usilikali, aliyense anapatsidwa tizitsulo tiwiri pakaunyolo, todindidwa dzina ndi nambala. Sajeni anafotokoza ntchito yake kamodzi kokha, m'sitima, theka la anthu likusanza. Awiriwa sankadziwa kuwerenga. Kwa iwo kachitsulo kovala m'khosi kanali mendulo basi.

M'mawa wa pa 12 Disembala 1944, atauzidwa kuti akukakweranso phiri la Monte Castello lomwe linali litawabweza kale katatu, Belarmino anavula kaunyolo kake, mano akugundana ndi kuzizira.

"Compadre, valani tangati, ine ndivale tanuto. Chipolopolo chikabwera kudzafuna Belarmino, chipeze dzina lina, chisokonezeke."

"Nanga chikakhala chosaphunzira ngati ife?"

"Cha Mjeremani? Chimenecho chinapita kusukulu, compadre."

Anaseka, n'kusinthana.

Anakwera m'matope ndi m'nkhungu, mfuti zachiwaya zikulira pamwamba. Pafupi ndi kanyumba kamiyala Belarmino anagwa chafufumimba, osagwedezekanso. Lamulo linabwera loti abwerere, ndipo Anacleto anabwerera ndi anzake. Atafika pansi anavula tizitsulo tija n'kutibisa m'nsapato. Mumtima mwake zinali zoonekeratu: chipolopolocho chinkafuna Anacleto, ndipo chinapeza dzina lake pakhosi pa munthu wina.

Phirilo analilanda mu Febuluwale. Mitembo ya mu Disembala anaipeza pansi pa chipale, ina yosazindikirika nkhope. Umodzi unali ndi dzina la Anacleto Bispo dos Anjos. Koma Anacleto anali moyo, m'chipatala, akumudula zala zomwe zinafa ndi chisanu. Sajeni anafika pabedi pake.

"Iwe, tizitsulo tako tili kuti? Ukudziwa kuti woseweretsa katundu wa boma amakalowa ndende?"

"Tinatayika m'matope, bwana sajeni."

Mawu anayi amenewo anakwana. Mtembowo anauika ngati wa munthu wosadziwika, ndipo pa dzina la Belarmino analembapo kuti anasowa. Atabwerera kwawo, asilikali onse anavulidwa yunifolomu n'kuuzidwa kuti asamakambe za kunkhondo. Palibe lamulo lomwe Anacleto analimvera ndi mtima wonse ngati limenelo.

Lachitatu, mawa lake la tsiku lomwe chipilala chinafika, Anacleto anatsegula kabokosi ka misomali, n'kufukula pansi pake, n'kupita kusukulu nthawi yopuma. Anaika tizitsulo tija patebulo la aphunzitsi ndipo anafotokoza zonse ataimirira, akuyang'ana khoma.

Aphunzitsi anawerenga dzinalo kawiri. Maso awo anawala ngati a munthu amene watola nkhani yabwino.

"Koma izi n'zazikulu, Seu Anacleto! Tilembere ku Rio."

"Ku Rio kukatani? Wosema miyala ali pabwalo pompano, ndi zida zake."

"Sizichitika choncho. Pafunika kalata, yosainidwa ndi m'bale wake. Yankho likhoza kutenga chaka, mwina ziwiri. Komanso pamwalapo malo anatha."

"Fufutani dzina limodzi."

"Lotani?"

"Midway. Kodi Midway ndi mwana wa ndani muno? Amayi ake amakhala msewu uti?"

"Pamenepo ndi pamene nkhondo ya panyanja inatembenukira!"

"Yanga inatembenukira pa kanyumba kamiyala, aphunzitsi. Simunakalembe."

Aphunzitsi anapumira m'mwamba, n'kumubwezera tizitsulo tija. "Kayambeni ndi Dona Zulmira. Popanda dzanja lawo palibe chomwe ndingachite."

Chimenechi ndi chimene Anacleto ankachizemba. Zaka makumi atatu ankavula chipewa akakumana ndi Dona Zulmira, n'kumawasokera nsapato mosamala kuposa za meya, koma pakhomo pawo anali asanapondepo. Mayiwo sanakwatiwe. Mnyamata amene anawafunsira kalelo anabwerera m'mbuyo, makolo ake atamuuza kuti magazi a kubanjalo ndi othawa.

Anawapeza kuseri kwa nyumba, akukazinga ufa wa chinangwa pachiwaya chachikulu.

"Seu Anacleto? Kwagwanji? Kapena nsapato zayamba kuyenda zokha kufuna eni ake? Khalani, ndikupatseni khofi."

"Musavutike, Dona Zulmira. Simufuna kundipatsa mukamva."

Anatambasula dzanja. Mayiwo anapukuta manja m'chovala, n'kutenga kaunyolo kaja. Iwo ankadziwa kuwerenga. Anacleto anafotokozanso, ndipo ulendo uno panalibe khoma loti ayang'ane. Ananena za moto wa Yohane Woyera, za nthabwala ya chipolopolo, za kanyumba kamiyala, za sajeni. Ufa unayamba kununkha kupserera. Palibe anautakasa.

"Ndiye kuti munamuona akugwa."

"Ndinamuona."

"Ndi maso anuwo."

"Eya."

"Amayi anakufunsani. Ndinalipo ine. Tsiku lomwe munatsika lole, anakugwirani malaya pabwalo paja, n'kukufunsani kuti mwana wanga ali kuti. Munati chiyani?"

Anacleto anayang'ana chiwaya chija.

"Munati chiyani, Seu Anacleto? Kapena pakamwa anakudulaninso?"

"Ndinati sindikudziwa."

"Zaka khumi ndi ziwiri amayi ankapita kupositi Lachisanu lililonse, kukafunsa kalata ya ku Italiya. Wapapositi ankachita kubisala. Anafa akumutukwana, mukudziwa? Akumutukwana mwana wawo kuti anawaiwala chifukwa cha mkazi. Ngakhale Misa imodzi sitinamuchitire. Munthu sumuchitira Misa ya akufa akugulitsa vinyo."

"Ndinkaopa ndende. Kenako ndinkaopa inu."

"Ine? Ndinali ndi mfuti yachiwaya ine?"

"Aphunzitsi akuti mukasaina kalata, dzina lake likhoza kulembedwa pamwala."

Dona Zulmira anaseka, kuseka kosatuluka bwino. Anavala kaunyolo kaja m'khosi, n'kukalowetsa mkati mwa diresi.

"Kalata. Ndikhalenso pamzere kupositi, kudikira yankho, ngati amayi? Ayi, zikomo. Akuluakulu anu anamutaya kamodzi, sindiwapatsanso kuti amutaye kachiwiri. Tizitsuloti ndi tanga. Nsapato zanga ndizikasoketsa ku tawuni ina. Tulukani, ufa wanga wapserera."

Pofika Lachisanu tawuni yonse inali itamva, chifukwa aphunzitsi sakanatha kugona ndi nkhani yotero m'mimba. M'bala muja, anthu omwe aja amene ananenepetsa Belarmino ndi vinyo anayamba kulumbira kuti iwo ankadziwa kale kuti mnyamatayo sakanathawa. Tsopano anali ndi nkhani yatsopano, yokoma kuposa yakale: yoti Anacleto anasintha tizitsulo dala, kuti imfa yake igwere mnzake.

"Seu Anacleto!" anakuwa wina atanyamula kapu ya kachasu. "Tisinthane zipewa? Kapena ayi, ndikufuna kufika Khirisimasi!"

Anacleto anangopitirira ndi ulendo wake. Bodza limeneli linali pafupi kwambiri ndi zomwe iye mwini ankakhulupirira.

Lamlungu, Misa itatha, anavundukula chipilala. Panali gulu la malipenga ndi ana asukulu onyamula timbendera. Meya analankhula kwa ola lathunthu, ndipo El Alamein anaitchula molakwika kawiri. Mpando womwe anakonzera ngwazi ya tawuni unakhala wopanda munthu. Anacleto anali mukashedi kake, chitseko chili chotsegula, akumva zonse. Mayina anawerengedwa: Josafá, Ernani. Malipenga analira. Anthu anabalalika kukadya.

Iye anatenga chikopa chokhuthala, chija amadulira zidendene, ndi mpeni wake wakuthwa. Kuwerenga sanaphunzire mpaka lero, kupatula kulemba dzina lake movutikira. Koma zilembo za pa tizitsulo tija chala chake chachikulu chinali chitazisisita zaka makumi atatu, ndipo chinkazidziwa monga chinkadziwira mutu wa msomali. Anazisema chimodzichimodzi, ndi nambala yomwe, chifukwa sankadziwa pomwe dzina lathera. Lolemba m'mawa anawoloka bwalo motsimphina, n'kumangirira chikopacho ndi waya pampanda wachitsulo wozungulira chipilala, m'munsi mwa Midway.

Wosesa pabwalo anachichotsa Lachitatu. Anati analamulidwa, mwala wa boma si pokolekapo zinyalala. Anacleto anasema china. Chimenechonso chinachotsedwa, iye n'kusemanso china. Chikopa anali nacho chambiri, popeza anthu obweretsa nsapato anali atachepa.

Dona Zulmira anakalembetsa Misa ya mlongo wawo mwezi womwewo, tchalitchi n'kudzaza. Anacleto sanaitanidwe. Mayiwo amadutsa pabwalopo Lamlungu lililonse, atavala nsapato zosokedwa kwina, dzanja lili pachifuwa pomwe pali tizitsulo. Pampanda paja sanaimepo, ndipo kukashedi sayang'anako.