Dzanja Lochongera Aphunzitsi

Chichitireni khungu Aphunzitsi, mwana wawo wamkazi, Make Mapasa, ndiye anali maso awo. Ankawameta ndevu, kuwasankhira mankhwala m'mabotolo, ngakhale kuwanong'oneza akavala malaya chotembenuza. Mwamuna wake, makaniko wochokera kumtunda, anasiyira apongozi akewo chipinda chokhala ndi zenera, zitsulo zake n'kuziunjika pakhonde.

Chisankho chitayandikira, zipani ziwiri zikuluzikulu zinapangana zogawana mpando: ulendo uno alamule munthu wa kuchigwa, kwawo kwa Aphunzitsi, akumtunda adzalamule ulendo winawo. Akumtunda ambiri anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, ndipo anaimika munthu wawo.

Nkhaniyi inalowa mpaka kuchipinda. Make Mapasa anauza mwamuna wake kuti adzavotera mgwirizano, poti bambo ake akalamba akudikira tsiku limeneli. Makaniko anakwiya, moti kwa masiku ankadya atayang'ana kukhoma. Mkaziyo sanawauze bambo ake za mkanganowo, ankaopa kuwadandaulitsa.

Ndiye kunali mkulu wina wa chipani, wa kuchigwa, anthu ankamutcha Chimkuzamawu chifukwa ngakhale moni ankapereka ngati ali pamsonkhano. Ankabwera masana makaniko ali kugalaja, n'kukokera mpando pafupi ndi Aphunzitsi.

"Zaka zonsezi takhala tikuombera anzathu m'manja, bambo. Pano ndi nthawi yathu," anatero tsiku lina. Kenaka anatsitsa mawu, koma kutsitsa kwa iyeyo kunkamvekabe mpaka kubafa. "Chongoti tsikulo musamale ndi dzanja lokuchongerani. Mwana wamkazi akakwatiwa, makutu ake amakhala a mwamuna."

Make Mapasa anamva ali kochapa ndipo anangoseka. Munthu wongobwera dzana angawauze chiyani bambo ake za iye?

Tsiku lovota kunachita mitambo. Make Mapasa anawaveka jekete bambo ake, n'kuwatsogolera kusukulu komwe kunali chisankho. M'kalasimo madesiki anali ataunjikidwa kumbuyo, pakona pali kamalo kotchinga ndi makatoni. Poona nkhalamba yosaona, anthu a pamzere anawapatsa njira.

Mayi woyang'anira chisankho anawalankhula mwaulemu. "Bambo, lamulo limalola kuti munthu amene mumamukhulupirira akuchongereni. Ndi awa mwabwera nawowa?"

Aphunzitsi anachotsa dzanja paphewa la mwana wawo.

"Ayi. Mundichongere inuyo."

"Ababa, ndine," anatero Make Mapasa, poganiza kuti phokoso lawasokoneza.

"Ndikudziwa kuti ndiwe. Kandidikire panja."

Wina pamzere anatsokomola. Make Mapasa anamva manyazi, koma chomwe chinamupweteka kwambiri n'choti bambo ake sanayankhule mokwiya. Anayankhula modekha, ngati munthu amene anaziganizira kalekale. Make Mapasa anavota msanga, n'kuchonga pa mgwirizano pomwepo monga ananenera, misozi ikumutchinga m'maso. Atatuluka anakaima pafupi ndi mpopi wa pasukulupo.

Patapita kanthawi mayi uja anawatulutsa Aphunzitsi, chala chili chakuda ndi inki, nkhope ikuwala. Anapapasa m'malere mpaka anapeza phewa la mwana wawo, ndipo awiriwo anayamba ulendo wobwerera. Anadutsa maokala ndi malo okwerera basi.

"Usakwiye, mwanangu," anatero atafika pamsewu waukulu. "Mwamuna wako ndi munthu wabwino, sindinamupezepo chifukwa. Koma si wathu."

"Nanga mapasa aja, adzukulu anu, ndi a ndani?"

Aphunzitsi anatembenuzira nkhope kumbali. Magalimoto ankadutsa mothamanga. Make Mapasa anadikira mpaka msewu unayera.

"Tiyeni tiwoloke, ababa," anatero. "Kwezani phazi, pali ngalande."