Fungo la Nyanja pa Mwendo wa Bambo Paterson

Dokotala ananena mosapita m'mbali: chilonda cha pa mwendo wa bambo Paterson chikapanda kusintha pofika Lachisanu, mwendowo ukadulidwa. Dyna, namwino wa panyumba yosamalira okalamba ku Woolwich, anamva ngati akunena mwendo wake womwe. Chilonda chimenecho anali atachitsuka miyezi isanu ndi itatu, chifikireni kuchokera ku Malawi mu 2004. Nsapato yakumanzere ya bamboyo inali pamwamba pa kabati, itachita fumbi.

Lolemba kunabwera Crispin, wogulitsa zipangizo zachipatala, tayi ili pakhosi, pakamwa pali shuga. Anthu oterewa Dyna sankafuna n'kuwaona komwe. Munthu woti sanagwirepo mafinya angakuuze chiyani za chilonda? Koma abwana a nyumbayo anagula, dokotala anavomera, ndipo Dyna anapatsidwa kansalu koyera, kofewa ngati thonje. Crispin analongosola zambirimbiri, Dyna n'kumangogwedeza mutu, maganizo ali kwa odwala ena omwe ankadikira mankhwala. Anaphimba chilondacho n'kumanga bandeji.

Lachinayi m'mawa Dyna anamasula bandeji ija. Kansalu kaja panalibe. Panali zinthu zoterera, zachikasu pang'ono, zonanda ngati therere, ndi kafungo kachilendo.

"Etta, tabwera uone," anaitana mnzake wa ku Zomba yemwe ankayala bedi. "Chavunda ichi. Ndiimbira dokotala pompano, a-book ambulance."

"Eish, sister," anatero Etta, "ndiye mwendo wapita basi."

Dyna anali atagwira kale telefoni pamene bambo Paterson anakweza dzanja. Nkhalambayi inagwira ntchito zaka makumi anayi m'mabwato onyamula katundu pa mtsinje wa Thames. Inatsinzina, n'kukoka mpweya mwakachetechete.

"Nesi, zovunda ine ndimazidziwa," inatero m'Chingelezi. "Fungo ili si limenelo. Ili ndi la m'mphepete mwa nyanja madzi akaphwa."

Dyna anaganiza kuti kutentha kwa thupi kwawasokoneza mutu. Nyanja ifuna chiyani m'chipinda cha okalamba? Komabe anatenga kabokosi ka nsalu ija n'kuwerenga tizilembo tomwe Lolemba sanatilabadire. Nsaluyo inali yopangidwa ndi ndere za m'nyanja yamchere, ndipo ikamwa madzi a pachilonda imasungunuka n'kukhala ngati phala. Crispin uja anali atanena zonsezi. Manyazi anamugwira mayi.

Anatenga madzi amchere otsukira zilonda n'kumathira pang'onopang'ono. Zoterera zija zinachoka. Pansi pake panali mnofu wofiira, wamoyo, ngati m'kati mwa gwafa wakupsa, ndipo m'mbali mwake khungu latsopano lopyapyala linali litayamba kuyanga.

Dyna anangokhala pampando. Iye anakulira ku Ntcheu, ndipo nyanja yamchere anangoionera pa zenera la ndege. Kwawo ndere ndi zonyansa za pamiyala ya kumtsinje, zogwetsa amayi ndowa ili pamutu. Ndiye lero chomera cha pansi pa mafunde, kumdima kumene iye sadzapondako, chabwera m'kabokosi kudzatseka bala lomwe manja ake analilephera! Anachita mantha, koma mantha okoma.

"Tandikankhirani pa zenera," anapempha bambo Paterson.

Dyna anawakankhira pa njinga yawo ya odwala. Kumusi, Thames ankayenda chobwerera, madzi abulauni akukwera kulowera m'kati mwa mzinda, mabwato omangidwa onse atatembenuka. Dyna anali ataziona kangapo zimenezi ali pa basi, n'kumati ndi mphepo.

"Si mphepo ayi," anatero bamboyo Dyna atawauza zimenezo. "Ndi nyanja imeneyo. Imalowa muno kawiri pa tsiku, anthu osaizindikira. Zaka zonse zija ndinkaitsatira ndine. Lero yandilondola yokha mpaka pabedi."

Dyna anayang'ana telefoni ija, yomwe anali ataibwezera m'thumba la yunifolomu yake. Akanangoimba, bwenzi pano ambulansi ili pakhomo.

Lachisanu dokotala anabwera ndi karula kake. Anayeza chilondacho, anavula magalasi n'kuwapukuta, anayezanso.

"Pitirizani ndi nsalu yomweyi," anatero. "Za opaleshoni tiziike pambali."

Dokotala atatuluka, Dyna anakwera pampando, anatsitsa nsapato yakumanzere ija pamwamba pa kabati, anaipukuta fumbi ndi dzanja, n'kuiika pansi pa bedi pafupi ndi inzake.