Kuseri kwa Geti Yobiriwira

Chithunzicho chinagwa pa gulupu ya banja Sisi ali mkati moluka kasitomala. Anapukuta manja pa epuloni n'kutsegula foni. Khoma la toileti logumuka mbali imodzi, chitseko chomanga ndi waya, pakhomapo wina atajambula ndi makala nkhuku yovala tayi. M'munsi mwake azakhali ake analemba kuti: "Sukulu ya kumsika ndi imeneyitu. Mwana wa malemu achimwene anga aziphunzira apa? Never!"

M'dera lawo sukulu za boma zilipo ziwiri basi. Ya kumtunda, ya geti yobiriwira ndi maluwa odzala m'matayala, ndi ya kumsika, imene anthu amati ana ake amaphunzira samu pomvera mitengo ya tomato pawindo. Kachete, mng'ono wake wa Sisi, anasankhidwira kumsikako, ndipo anali atayamba kale Fomu 1 sabata yomweyo.

Sisi mtima unangoti phwii. Osati za toileti zokha ayi. Kachete ali ndi chibwibwi, ndipo ku pulayimale anzake ankamutsanzira mpaka anasiyiratu kukweza dzanja m'kalasi. Dzina lakelo linachokera pamenepo. Nanga sukulu yolephera kusamala khoma ingasamale mwana amene mawu amamukakamira pakhosi?

Foni inalira. Azakhali.

"Ndalankhula kale ndi a hedi a kumtunda. Malo atsala amodzi, akuti ufike lero asanaweruke. Msuweni wakoyu ali konko, ukumumva mmene akuchiphwanyira Chingerezi? Ngati wailesi!"

"Azakhali, ndili ndi mutu wa munthu m'manja."

"Mutuwo ndi wa m'bale wako?"

Kasitomala anamuyang'ana pagalasi. "Aaa Sisi, serious? Mundisiya hafu chonchi, ndizioneka ngati nkhuku yososola?"

Mnzake wa pasaluni analandira chipeso akuseka, Sisi uyo, ulendo wa kumtunda.

Geti inali yokongoladi, zoona zinenedwe. Maluwa, timiyala topaka laimu, chilichonse smart. Ku ofesi anamuuza kuti a hedi ali pa miting'i, adikire pabenchi. Anadikira mpaka madzi amene anamwa m'njira anayamba kumukumbutsa. Anafunsa mphunzitsi wina wodutsa, amene anayankha osachotsa maso pafoni: "Yathuyi makiyi ali ndi a hedi. Zungulirani kuseri, kuli ya ana."

Kuseriko ndiye dziko lina. Kalasi yoyamba phokoso ngati depoti, mphunzitsi mulibe, mnyamata wina ataima pa desiki akuyerekeza m'busa. Yachiwiri chimodzimodzi. Anakhota pakona, fungo linamulonjera, n'kuima chilili.

Khoma logumuka. Chitseko cha waya. Nkhuku yovala tayi ikumuyang'ana.

Anatulutsa foni, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana khoma. Ngakhale tayiyo inapendekera mbali yomweyo. Anaimba.

"Azakhali, chithunzi chija munachitenga kuti?"

"M'foni mwanga momwemu. Msuweni wako anabwereka tsiku lina, ndiye ndangochipeza."

"Munamufunsa kuti anajambula kuti?"

"Kufunsanso chiyani? Uve ngati umenewo ungapezeke kuti kupatula kumsika?"

"Kodi kumtunda kuno munayamba mwafikako kuseri kwa makalasi?"

"Ndikatani kuseri ine? Ndimathera ku ofesi ngati munthu."

"Chabwino. Nkhuku yanu ija ndaima nayo pano."

"Iwe usandiseweretse!"

Sisi anadzijambula selfie, iye ndi nkhuku tsaya ndi tsaya, n'kutumiza. Za toileti anaiwaliratu, za a hedinso chimodzimodzi. Anatsetsereka mtunda uja akudzitukwana yekha: sabata yonse mwana akupita ku sukulu, iye osapondako phazi, kumangomvera gulupu.

Sukulu ya kumsika si paradaiso, tisanamizane. Geti palibe, penti inatha kalekale, ndipo wogulitsa tomato amamvekadi pawindo. Matoileti akale koma otsuka, ndowa ya madzi ili pakhomo. Sisi ananyang'ama m'mbali mwa khoma mpaka anapeza kalasi ya Fomu 1, n'kusuzumira.

Kachete anali chiimire pakati pa kalasi, buku m'manja, liwu litamukakamira. Milomo ikunjenjemera, "m-m-m" osatuluka. Kumbuyo mtsikana wina anayamba kakhikhi. Sisi anagwira chitsulo cha windo, wokonzeka kulowa ngakhale pamenepo.

Madamu wa kutsogolo sanakalipe. Anangotembenukira kumbuyoko n'kunena mwachifatse kuti, "Pali amene akuthamangira basi muno? Palibe. Timudikire." Kenako anatsamira tebulo ngati ali ndi tsiku lonse.

Kalasi yonse chete. Panja wa tomato akukuwabe. Kenako liwu lija linatuluka, linzake linatsatira, mpaka Kachete anafika kumapeto kwa ndime.

"Ehe," anatero madamu. "Wotsatira."

Popanda kuwomba m'manja, popanda drama. Kachete anakhala pansi, mnzake wa pa desiki anamugunda ndi chigongono, onse awiri n'kumwetulira. Sisi anapuma mpweya umene ankaona ngati waugwira kuyambira ku saluni. Kenako anakhala pakhonde.

Foni inanjenjemera. Chithunzi chija pa gulupu chinali chitafufutidwa. Kumbali, meseji ya azakhali: "Usauze anthu. Nanga malo aja?"

"Apatseni wina," analemba. "Koma inuyo mawa mukazungulire kuseri."

Belu litalira, Kachete anamupeza pakhondepo, nsidze zili m'mwamba.

"Sisi, mwa-mwadzatani kuno?"

Sisi anadzuka, kusasa siketi, kumukonzera kolala.

"Ndiperekeze ku toileti, iwe. Ndapirira kuchokera kumtunda."