Chipinda Chomeza Mawu

Telala anaika mkazi wake m'manda mvula ikugwa. Patapita masabata angapo, mlamu wake anamuimbira foni kuti abwere msanga ku nyumba ya zionetsero.

Mlamuyu anali mlongo wake wa malemu. Ankadzitchula Katswiri, ndipo abale atatopa kutsutsa, dzinalo linakhazikika. Luso lake linali la mawu ndi phokoso. Sankaimba, sankaliza chida chilichonse, ndipo womufunsa kuti nanga mumapanga chiyani ankayankhidwa mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Chaka chimenecho anakonza chipinda cha makoma oyera, maikolofoni ikulendewera kudenga ngati kangaude, masipika m'makona. Munthu akalowa n'kulankhula, makina ankaika mawu akewo kumapeto kwa mzere, n'kutulutsa mawu amene akhalitsa kuposa onse. Ankamveka kamodzi kokha, basi afufutika.

Tsiku lotsegulira, Telala sanapite. Anati ali ndi masuti a ukwati, zamisala alibe nazo nthawi. Mkazi wake anapita, poti magazi ndi magazi, ndipo analowa kukalankhula mlendo wolemekezeka atangotuluka.

"Dzulo kwatuluka mawu a mlendo wolemekezeka uja," anatero Katswiri atakumana pakhomo la chipindacho. "Otsatira ndi a achemwali. Ndatseka, ndikubweza anthu. Ndasungira inu, alamu."

"Ananena chiyani?"

"Sindikudziwa. Munthu amalowa yekha."

Telala anagwira khoma. Zithunzi za mkazi wake zinalipo zambiri, koma mawu ake analibe paliponse. Malemu akaimba foni ankangoti mubwere ndi sopo, n'kudula. Tsopano Telala ankakumbukira zimene mkazi wake ankanena, koma kamvekedwe kake kanali katayamba kusuluka ngati nsalu yoiwalika padzuwa.

Anatulutsa foni m'thumba.

"Imeneyo muisiye m'dengumo," anatero Katswiri. "Ndi lamulo la pano."

"Ndikufuna ndijambule."

"Alamu! Ndiye mwapha ntchito yonse. Mawu amabadwa kuti afe, kukoma kwake n'komweko. Mawu ojambulidwa ndi mtembo wovekedwa suti."

"Imfa ndaiona ndekha, sindikufuna mphunzitsi."

"Ngakhale anyuzipepala analemba kuti chipinda ichi..."

"Ana ali kunyumba. Wamng'ono wandifunsa dzana ngati amayi ake ankaseka mokweza. Ndikawauze kuti amalume anu akana chifukwa cha nyuzipepala?"

Katswiri anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kuti aliyense aone kukula kwa chimene akupereka. Kenako anatsegula chitseko, nkhope ili ngati ya munthu wopereka impso.

Telala analowa monyang'ama, akubanika kuopa kuti ngakhale mpweya ungadzutse makina. Anaima pansi pa maikolofoni n'kuyamba kulimbana ndi foni. Zala zimene zinkalowetsa ulusi m'singano popanda magalasi zinali kudina posayenera.

Katswiri anamutsatira, lamulo lolowa yekha ataliiwala. Munthuyu anali ndi chizolowezi: mlendo aliyense asanalowe ankayamba wamuimika panja n'kumulalikira tanthauzo la chipindacho. Lero mkangano wa foni unadya nthawi ya ulalikiwo, ndipo unamutsalira pakhosi ngati fupa. Anaona mlamu wake wawerama, chipinda chili zii, ndipo iye chibadwire sanasiyepo bata lili lokha.

"Musanayambe, alamu," anatero ndi mawu ake a pazionetsero, "dziwani kuti chimene mumve pano si mlongo wanga chabe, koma nthawi imene..."

Makina sankadziwa mwini wake. Kanyali kobiriwira kanayaka, ndipo m'makona munatuluka mawu a mzimayi, otsika, ngati akulankhulira m'chipinda china akupinda zovala. Katswiri, amene makutu ake anazolowera kumva iye mwini, anapitiriza ndithu. Telala anakweza dzanja, pakamwa yasa, koma kukuwa sakanatha. Pamene mlamu wake ankatseka pakamwa, kunali kutatsala zochepa.

"...ndiye inuyo mukadzabwera, musadzati sindinanene."

Kenako kuseka kwakufupi, kotulukira m'mphuno. Kanyali kanazima.

Foni inali isanatseguke n'komwe.

Anaima choncho awiriwo, wina osayang'ana mnzake.

"Anati chiyani koyambirirako?" ananong'ona Katswiri.

Kanyali kanayakanso. Bambo wina wosadziwika anatsokomola m'makona onse anayi n'kufunsa kuti, "Kodi chikugwira chimenechi?"

Telala anabweza foni m'thumba n'kutuluka. Katswiri anamuthamangira mpaka pamsewu akunena zina, mwina zopepesa, mwina zotsala za ulaliki uja. Telala sanamve, chifukwa anali atatseka makutu ndi zikhatho. Kuseka kuja kunali kudakali m'mutu mwake, ndipo ankafuna kukafike kwa ana kusanasakanikirane ndi china chilichonse.

Sanakwere basi, poopa nyimbo za m'menemo. Anayenda wapansi, zigongono m'mwamba, anthu akumupatukira. Pamphambano njinga yamoto inamulizira hutala pafupi ndi mwendo. Atawoloka anaima pansi pa khonde la sitolo n'kuyesa kuseka chotulutsira m'mphuno, kamodzi, kenako kachiwiri. Kunali kuseka kwake iye mwini, osati kwa malemu.